Usiku Wowerenga Akangaude ku Chamileme

Swaibu anatuluka m'phanga la Chamileme nyenyezi zitadzaza kale kumwamba. Sanadziwe kuti nthawi yatha chotero, pakuti m'phanga mulibe dzuwa lokuuza kuti weruka. Analowamo swala ya masana, pemphero la Asilamu, itangotha, ndipo pamene ankatulutsa mutu pakhomo paja, mawondo atada ndi ndowe za mileme, kumidzi ya kumunsi kunalibe ngakhale kamoto kamodzi kothwanima. Unali mwezi wa Julaye, chaka cha 1979, mwera ukuwomba ngati pali amene waulakwira.

Munthuyu anali ndi ntchito imene anthu a ku Dwambazi ankaseka nayo mpaka kugwira nthiti. Amuna anzake ankalawirira kunyanja ndi makoka, ena kumadimba a mpunga, koma iye ankakwera phiri kukawerenga akangaude. Anamupatsa dzina lakuti Kalaliki wa Akangaude, ndipo pokhala munthu wa nthabwala, dzinalo analilandira ndi manja awiri. "Akalaliki a ku Boma akabwera kudzawerenga anthu, anthuwo amathawira kuthengo," ankatero. "Anga sathawa." Ndiye ankatsitsa mawu, n'kuyang'ana uku ndi uku: "Ndipo palibe amene amawafunsa khadi la chipani."

Sanali akangaude wamba awa a m'denga. Anali oyera mbee ngati mpunga wopuntha bwino, miyendo yaitali yopyapyala ngati ulusi wosokera, ndipo maso analibe. Zaka zitatu zapitazo kunabwera mayi wina wophunzira za tizilombo kuchokera ku Zomba, a Jenifa Maliko, amene atawaona anakhala pansi n'kunena kuti mtundu umenewu sanauonepo kwina kulikonse. Anafuna munthu wodziwa kulemba ndiponso wosaopa mdima. Swaibu anali mkamwini watsopano pamudzipo, wochokera ku Kanyenda, bwato analibe, ndipo anakweza mkono. Mayiwo anamuphunzitsa kugawa khoma la phanga ndi choko, chigawo chigawo, kuwerenga mosabwereza, kulemba m'kabuku mwezi ndi mwezi, n'kutumiza kalata pa basi.

Chaka choyamba ankapeza oposa mazana awiri. Kenako omanga msewu anayamba kuphulitsa miyala paphiri loyandikana nalo. Nthaka inkanjenjemera, fumbi linkalowa mpaka m'phanga, mileme inayamba kuchepa. Akangaude anatsika kufika makumi asanu ndi limodzi. Kenako khumi ndi mmodzi. Mwezi wathawo anali atatu okha. Tsopano omanga msewu aja ankafuna miyala ya Chamileme yomwe, ndipo kalata ya a Maliko inali m'thumba mwake: "Mukapeza ngakhale ochepa, ndili ndi poyambira kukadandaula. Mukapanda kupeza, ndilibe chonena, phirilo aliphwanya mwezi wamawa." Yankho linayenera kukwera basi ya m'mawa.

Tsiku limenelo sanapeze ndi mmodzi yemwe. Anabwereza khoma lonse katatu, anasuzumira m'ming'alu, anagona chafufumimba kuyang'ana pansi pa miyala. Palibe.

Komabe Swaibu anali Swaibu. Chisoni sichinkakhala nthawi yaitali pankhope pake. Potsika phiri anayamba kung'ung'udza kanyimbo ka pa ukwati wake, akuganiza za tiyi amene mkazi wake Habiba ankamusungira m'mbali mwa phulusa akachedwa. Tochi yake inali itafiira ngati diso la chidakwa, ndipo atafika patsinde pa phiri inazimiratu. Anaigogoda pachikhatho, anatulutsa mabatire n'kuwaluma, koma ayi ndithu. Anaseka yekha, n'kuyenda ndi nyenyezi.

Njira yopita kumudzi inkadutsa pa ulalo wa mitengo, ndipo tsidya la kuphiri la kamtsinjeko, pafupi ndi ulalowo, kunali manda. Swaibu manda sankawaopa kwenikweni. Chimene ankaopa usiku ndi anyamata a chipani, amene ankatha kuimitsa munthu paliponse n'kumufunsa kumene akuchokera. Tangoganizani kufotokozera mnyamata wa chibonga m'manja kuti ukuchokera kowerenga akangaude! Anagwira thumba la malaya. Khadi linalimo.

Ndiye anaona kuwala pa ulalo.

Anaima. Kuwalako sikunkayenda. Anayandikira pang'ono, khadi lili m'manja kale... Sanali mnyamata. Anali mkulu wamfupi, wa kanzu yoyera, mkanjo wa Asilamu, ndi kofia yopendekera kumanzere pamutu, atakhala pamtengo wa ulalo miyendo ikulendewera kumadzi, nyali ili pambali pake.

"Asalaamu aleikumu, bambo," anatero Swaibu, mawu akutuluka mopyapyala.

"Wa aleikumu salaamu," mkuluyo anayankha bwinobwino, ndipo mtima wa Swaibu unakhala pansi pang'ono. Anali atamva kuyambira ali mwana kuti chiwanda sichiyankha salaamu. "Mwawerenga angati lero, mkamwini?"

Akuluakulu onse a pamudzi ankamutchula mkamwini, choncho zimenezo sizinamudabwitse. Koma nkhope iyi sanaidziwe.

"Palibe, bambo. Atha."

Mkuluyo anaseka. Kunali kuseka kwa munthu amene wamva nthabwala yabwino kwambiri, kuseka komenya ntchafu, mpaka dzino lake losweka lakutsogolo linaonekera. "Atha! Mwakhala zaka zitatu mukuwerenga pakhonde, m'nyumba simunalowe, ndiye mukuti atha! Tiyeni."

Anadzuka, n'kunyamula nyali. Apa m'pamene Swaibu anaiona bwino. Inali nyali yakale ya palafini, koma galasi inalibe. Mwera unkaweramitsa mabango, unkakupiza malaya a Swaibu ngati mbendera... lawi la nyali lija linali chiimire. Njo! Osagwedezeka ngakhale pang'ono.

Tsitsi linamuima. Anafuna kunena kuti zikomo bambo, kunyumba akundidikira. Koma mkulu uja anali atayamba kale kuyenda, ndipo miyendo ya Swaibu, yosafunsa mwini wake, inatsata.

Sanabwerere njira ya kuphiri. Ulalonso sanawoloke. Anakhotera kumanzere... kumanda.

Anadutsa m'mphepete mwenimweni, mitumbira ili kudzanja lamanja. Masamba ouma ankalira pansi pa nsapato za Swaibu: tswa, tswa, tswa. Anatchera khutu. Mapazi a munthu mmodzi. Mmodzi yekha! Mkulu uja ankaponda masamba omwewo, koma kunali zii. Agalu amene ankauwa kumudzi analeka. Ngakhale mkokomo wa mafunde, umene m'nyengo ya mwera suleka usana ndi usiku, unazimirira ngati wina watseka chitseko.

"Auzubillahi..." Swaibu ananong'ona.

"Pempherani ndithu, mkamwini, n'zabwino," anatero mkuluyo osacheuka. "Koma yang'anani pansi, pali chitsa."

Panalidi chitsa. Anachilumpha.

Anazungulira phiri mpaka kuseri kwake, kumene Swaibu anali asanafikeko chifukwa cha minga. Usiku umenewo minga sinamugwire. Anaima pansi pa mkuyu waukulu umene mizu yake inakumbatira thanthwe. Mkuluyo anakweza nyali. Pathanthwepo panagwa chithunzithunzi cha Swaibu, chachitali, chonjenjemera. Chimodzi. Cha mnzakeyo panalibe.

"Lowani," anatero, akuloza kamng'alu pakati pa mizu, kongokwana mapewa a munthu. "Ine ndikutsatani."

Swaibu anayang'ana kamng'aluko. Anayang'ana mdima umene anachokera. Kuthawa? Kuthawira kuti, manda ali pakati? Ndiye kamphepo kofunda kanatuluka m'ng'alumo n'kumuwomba kumaso, ndipo fungo lake analidziwa ngati fungo la nyumba yake. Ndowe za mileme. Zatsopano! Mantha analipo, koma zaka zitatu za ntchito zinamukankha pamsana. Anati Bismillahi, n'kugwada.

Anakwawa. Mdima wa ndiweyani. Thanthwe linamukanda msana. Kumbuyo sanamve aliyense akukwawa. Anaitana: "Bambo?" Zii. Anakwawabe. Mpweya unachepa. Kutsogolo... kuwala. Anatulutsa mutu.

Mkulu uja anali atakhala pamwala, mkati, nyali ili pabondo!

"Mwachedwa," anatero.

Swaibu anakuwa. Mawu ake anamenya denga n'kubwerera, ndipo mileme mazanamazana inadzuka nthawi imodzi, phaphapha, mphepo ya mapiko ikumupepesa kumaso. Anaphimba mutu ndi manja, akudikira imfa. Imfa sinabwere. Chimene anamva ndi kuseka kuja, komenya ntchafu.

"Tsegulani maso, Kalaliki. Anthu anu awo."

Anatsegula diso limodzi. Kenako lina.

Chinali chipinda chachikulu kuposa mzikiti wa pamudzi, makoma ake onyowa, akunyezimira. Ndipo pamakomapo, kuyambira pansi mpaka pamene kuwala kunkalekezera, panali poyera ngati pawazidwa ufa. Akangaude. Akuluakulu, apakati, tiana tating'ono ngati njere za mawere. Ena ankayenda pang'onopang'ono, akufufuza njira ndi miyendo yakutsogolo monga achitira akhungu ndi ndodo. M'ming'alu munalendewera timatumba ta mazira, tozungulira, toyera ngati thonje.

Swaibu anaiwala nyali yopanda galasi. Anaiwala chithunzithunzi. Anaimirira, pakamwa pali yasa, kenako anayamba kuseka nayenso, misozi ikutsika. "Alhamdulillahi! Muli pano! Inu anthu osalongosoka, mwandisautsa chaka chathunthu, muli pano!" Anavina pomwepo, pa ndowe za mileme, munthu wamkulu wa ndevu zake, akuwomba m'manja ngati mayi wa pa chinkhoswe.

"Mileme itatopa ndi phokoso inasamukira kuno," mkuluyo anatero. "Tizilombo todya ndowe tinatsata. Awa akanatsalira chiyani pakhonde, chakudya chitalowa m'nyumba? Phanga ndi limodzi ili. Mukaphwanya uko, kuno kugwa."

Ndiye Swaibu anatulutsa choko, kabuku ndi pensulo. Chimwemwe n'chimwemwe, koma a Maliko sakanalandira kalata yongoti ndi ambiri. Anagawa khoma zigawo khumi ndi ziwiri monga anaphunzirira, ndipo mkuluyo anamunyamulira nyali, akuyenda naye chigawo ndi chigawo. Palafini sankatha. Anagwira ntchito ngati anthu amene anazolowerana kalekale.

"Uyo mwamuwerenga kale," mkuluyo ankatero. "Wangotembenuka."

"Ayi bambo, uja anali wa mwendo woduka."

"Ndi yemweyo. Mwendo waupinda."

Ankakangana, n'kuseka, n'kuyambiranso. Nthawi ina pensulo inagwa, ndipo onse awiri anawerama kukaitola. Dzanja la Swaibu linakhudza la mkuluyo. Linali lozizira ngati mwala wa pansi pa mtsinje. Swaibu anachotsa dzanja msanga, n'kuyang'ana khoma. Panatsala zigawo zinayi. Anati m'mtima mwake: kaya ndinu ndani, tiyeni timalize.

Anamaliza. Analemba pansi pa tsamba: akangaude 643, matumba a mazira 38. Anajambula mkuyu, thanthwe ndi kamng'alu, kuti wina aliyense adzapeze.

Potuluka, mkuluyo anamuperekeza njira yomweyo. Nthanda inali itatuluka kum'mawa. Atafika pa ulalo anaima, n'kukhala pamtengo paja pamene Swaibu anamupeza.

"Ine ndilekera pano. Tsidya ilo si langa."

"Ndikathokoze ndani, bambo? Dzina lanu sindinalimve."

"Thokozani Mwini zolengedwa." Anakonza kofia yake, koma inapendekeranso. "Koma mundinyamulire mawu awa. Mukamuuze Habiba kuti ndinkadziwa kuti si nkhuku imene inaswa galasi la nyali. Ndinkadziwa tsiku lomwelo. Ndipo mumuuze kuti ndinakaseka kuseri kwa nkhokwe."

Swaibu anawoloka. Atafika tsidya lina anacheuka kuti atsazike. Pa ulalo panalibe munthu. Panalibe nyali. Mkokomo wa mafunde unabwerera nthawi imodzi, agalu anayambiranso kuuwa, ndipo tochi ija, imene inali m'thumba, inayaka yokha.

Anathamanga. Sanaleke mpaka pakhomo pake.

Anafika muazini akuitanira swala ya m'bandakucha. Habiba anali pakhonde atafunda chitenje, maso atatupa ndi kusagona, koma Swaibu sanamupatse mpata wokalipa. Anamugwira manja onse awiri n'kumuzunguza pabwalo. "Mazana asanu ndi limodzi, akazi anga! Ndi mazira omwe!" Anasamba, anaswali, analemba kalata atagwada pamkeka, n'kuthamangira kumsewu kumene anaipereka m'manja mwa kondakitala. Patapita masabata awiri a Maliko anafika ndi anthu ena awiri. Anakwawa okha pansi pa mkuyu paja, dzuwa likuswa mtengo, n'kupeza zonse monga zinalembedwera, mizere ya choko ili pakhoma. Omanga msewu anakatenga miyala kwina, ndipo Chamileme sanachikhudze.

Koma zimenezo zinadza pambuyo. M'mawa umenewo, atabwera kumsewu, anapeza Habiba atatenthetsanso tiyi uja ndi chinangwa chophika. Anakhala pakhonde. Tsopano mkaziyo anafunsa.

"Khomo limenelo munalipeza bwanji usiku, tochi yanu ija yakufa?"

"Anandilondolera mkulu wina. Sindimudziwa, mwina ngwa kutsidya." Swaibu anapewa kunena za lawi ndi chithunzithunzi, poopa kumuopseza. "Koma inu amakudziwani. Wandituma mawu, ndipo ine sindikuwamva mutu wake. Akuti ankadziwa kuti si nkhuku imene inaswa galasi la nyali."

Habiba anali akuthira tiyi. Tiyi anadzaza kapu, anasefukira, anayenderera pamkeka. Iye osaona.

"Mwati chiyani?"

"Akuti ankadziwa tsiku lomwelo. Ndipo akuti anakaseka kuseri kwa nkhokwe."

Anatsitsa ketulo pang'onopang'ono. "Anali wotani munthuyo?"

"Wamfupi. Kanzu yoyera. Kofia yake siikhala mowongoka. Dzino ili ndi losweka. Akamaseka amamenya ntchafu."

Habiba anagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Swaibu anayamba kuchita mantha kuposa usiku uja.

"Ndinali ndi zaka zisanu ndi chimodzi," anatero Habiba. "Bambo anga, a Fakiri, ankakumba ndowe za mileme kuphiri kuja n'kumathira m'dimba la fodya. Nyali yawo ya kuphanga sankalola munthu kuigwira. Ine ndinaigwira. Inagwa. Atafunsa, ndinati nkhuku yadumphira pathebulo. Anangoti, 'Nkhuku imeneyo ili ndi manja,' n'kutuluka panja. Sindinauzepo munthu, ngakhale amayi. Ndinkati ndidzaulula mawa, ndidzaulula mawa... Sabata yotsatira anadwala malungo. Masiku anayi okha." Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. "A Swaibu, bambo anga anamwalira mu 1958. Ali pamanda a pa ulalo paja, mtumbira wachitatu kuchokera kumadzi."

Chinangwa chinagwa m'manja mwa Swaibu. Anayang'ana dzanja lake lamanja, lija linakhudza dzanja lozizira.

"Ndiye kuti... usiku wonse... ndakhala ndikukangana ndi apongozi anga?"

Habiba anamuyang'ana. Milomo yake inayamba kunjenjemera, ndipo chimene chinatuluka sichinali kulira. Kunali kuseka, kuseka kwa misozi, mpaka anatsamira chipupa. "Munakangana nawo! Za chiyani?"

"Za kangaude wa mwendo woduka. Ankati ndamuwerenga kawiri."

"Ndiye munamuwerengadi kawiri. Iwo aja sankalakwa." Anapuma mozama, ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni umene anausenza kuchokera kutali. "Anaseka kuseri kwa nkhokwe. Zaka makumi awiri ndi chimodzi ndakhala ndikuganiza kuti anapita ali okhumudwa nane."

Anadzuka, anamanga chitenje mwamphamvu, n'kuyamba kuitana anansi kuti Lachisanu aphika mpunga wa sadaka, shehe adzawerenge dua, pemphero lopempherera bambo ake. Ali pakati pa bwalo anatembenuka.

"Mwezi wamawa mukamapita kowerenga, munditenge."

"Inu? Amene mumakuwa mukaona kangaude m'bafa?"

"Ndikakuwira komweko," anatero Habiba. "Nyali ndikanyamula ndine."